Basi Yolowerera

Ku Sololaki magetsi abwera teni koloko usiku.
Nutsa wakhala kale pa makina odulira filimu,
chijasi cha bambo ake m'mapewa, lumo m'manja.

Ife tinkajambula nkhani ya chikondi.
Gocha ankayenera kungowoloka msewu,
buledi wotentha kukhwapa,
n'kuyang'ana pakhonde pomwe mtsikana ankayanika malaya.
Tinabwereza kasanu ndi kawiri
chifukwa basi inkangolowerera pachithunzi.

Lero basiyo siyenda, mafuta anatha mu Tbilisi.
Khondelo linapsa mwezi wa Disembala.
Gocha anatenga mfuti ya msuweni wake,
osatsanzika.

"Apa patalika," ndikutero. "Dula."
Nutsa sakuyankha.
Akupukusa filimu chobweza,
Gocha akuyenda chafutambuyo,
akubweza buledi kwa wophika,
wophika akumubwezera makobidi ake.

Kwalira mfuti cha kumtsinje.
Babu laphethira kawiri.

"Basi ija tisaichotse," akutero,
"muli anthu m'menemo. Taona mayi uyu,
akuseka, sakudziwa n'komwe kuti tikumujambula."

Tayamba kuwerenga nkhope pamawindo.
Tinali pa khumi ndi zitatu
pamene magetsi anathimanso.