Chishalo

Zaka khumi ndi zinayi ndapalasa njinga,
matumba a chimanga kuchoka pa Muloza kukatula pa Limbuli,
lero chishalo chandiukira.
Ndikangokhalapo, khala lamoto
limanyeka pamalo opanda dzina,
pakati pa kumaso ndi kumbuyo,
pomwe mwamuna saloza ndi chala
ngakhale kwa mlamu wake.

Ndachikulunga ndi siponji ya matiresi akale.
Anzanga pa siteji akuti Nikoloma wayamba ubwana.
Ndimaseka nawo.
Chitunda ndimakwera choimirira, chigwa choimiriranso.

Usiku ndimatuluka kasanu
kukaima kuseri kwa nthochi,
kudikira timadontho titatu
ngati mpopi wa pa esiteti mwezi wa Okutobala.
Esinala anawerenga kulira kwa chitseko,
masamu ake n'kumutaya:
"Ndani ameneyo, wosagona ngati inu?"
Sabata yathunthu ndinkaona msana wokha.

Tsiku la msika pa Chitakale
ndinazungulira kawiri chiguduli cha a Mukhuna,
aja anali kapitawo wa odulira tiyi,
ndikunamizira kufunsa mtengo wa nanazi.
"Wa njinga, mayendedwe akowo andiuza kale.
Khala apa. Ayi, ima, ndaiwala."
Anandimangira m'nyuzipepala
makungwa a muwawani, mizu iwiri yomwe sanaitchule,
ndi ndevu zouma za chimanga.
"Uwiritse mpaka madzi atsale theka.
Kachasu umuleke, kambuzi umuleke.
Ku chipatala ukaonekerenso.
Mtengo ndi jakisoni sizinayambanepo,
oyambana ndife ogulitsa."

Ku chipatala namwino anali msinkhu wa mwana wanga.
Ndinati mutu.
Ndinatuluka ndi panado.
Lachisanu ndinabwereranso, nditaloweza mawu m'njira,
ndinawanena maso ali pa zala zakumapazi.
Iye sanaseke, anangolemba,
nati ndinu wachitatu lero, bambo.
Wachitatu! Tonse tinali pa benchi imodzi,
aliyense atakhalira tako limodzi,
tikukambirana za mtengo wa feteleza.

Usiku wa chiperoni uja, phiri litafunda mpaka kumapazi,
Esinala ananditsatira ndi tochi ya foni
kuti akagwire mkazi mnzake.
Anapeza mwamuna atakumbatira nthochi,
mano ali gwa, thukuta m'chisanu.
Anazimitsa tochi.
M'mawa kampoto komwe ndinkabisa kudenga la khola
kanali pa mafuwa, poyera,
iye akusefa ndi kansalu ka mwana.
Analawa kaye, nkhope n'kukhwinyata:
"Zonsezi mumamwa nokha?"

Kupola sindinapole.
Sindidziwa chagwira ntchito n'chiti,
makungwa, mapiritsi a boma,
kapena madzi ofunda omwe amandithirira m'beseni
ana akagona.
Koma usiku wathawu chitseko chalira kawiri kokha,
ndipo kachiwiriko anali iye,
kukaona ngati siponji yomwe anasokera pa chishalo
yanyowa ndi mvula.