Wopenta Dzina Pakhoma

Lolemba m'mawa, chisanu cha ku Sikotilandi chikuluma zala,
andipatsanso chitini cha penti.
"Dunnachie, kafufute."
Sindifunsa kuti ndani. Wailesi yanena kale usiku.

Pakhoma poimika galimoto ya mphunzitsi wa timu
mayina asanjikizana ngati makoko a anyezi.
Ukakanda ndi chikhadabo atuluka Tessaroli,
uja anabweretsa chikho kawiri
mzinda wonse n'kuchezera mumsewu.
Pansi pake Aalders, miyezi isanu yokha;
ambulera yake ikadali kuseri kwa chitseko changa.

Lero ndikufufuta Kilgour.
Mu Meyi anamunyamula pamapewa.
Loweruka, zinayi kwa duu pakhomo,
omwewo anamugenda ndi makapu a tiyi.
Ankandipatsa moni, iyeyu.
Ankadziwa dzina la galu wanga.

Eni timu ali kutsidya kwa nyanja,
udzu wa bwalo lino sanaupondepo.
Masana kubwera wina wa suti yonyezimira
kudzapsompsona baji pamaso pa atolankhani.

Ndidzafunsa kalembedwe ka dzina lake,
ndidzalemba mosamala, chilembo ndi chilembo,
koma penti sindithira yambiri.
Chitini chomwechi
chidzafunikanso Khirisimasi isanafike.