Mtima wa M'boneti

Mayi Tackett anandiitana Lachiwiri,
chisanu chitayamba kuluma ku Nebraska.
Anati: Bwera ndi tochi yako, Orvil.
Pali munthu wa ku Omaha akufuna galimoto ya malemu,
watchula ndalama zondiumitsa pakamwa,
koma sindifuna kugulitsa bodza.

Tinakankha chitseko cha shedi.
Fungo la makoswe, la udzu wouma, la petulo wokalamba.
Pansi pa lona panagona Chevelle ya 1970,
yofiira ngati tsabola wakupsa,
mizere iwiri yakuda itayenda pamsana,
zilembo za SS zikuphethira m'fumbi.

Ine zilembo sindizikhulupirira.
Zimagulidwa pa msika wa zitsulo Loweruka lililonse,
mwana aliyense wa sikuludiraiva akhoza kuzimanga.
Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.
Ndaona magalimoto ovala malaya a eni ake
ochuluka kuposa tsitsi latsala pamutu pangapa.

Ndinatukula boneti.
Kutsogolo kwa injini, dzanja lamanja,
pali kachitsulo kosalala ngati chikhadabo
pamene a fakitale ankadinda dzina lenileni.
Ndinapukuta girisi ndi kansanza,
sindinapale, ayi, wopala amapha umboni.
Ndinapendeketsa tochi kuti kuwala kukwawe,
kufuna timizere tija makina amasiya,
tosaoneka ukayang'ana mothamanga.
Timizere tinalipo. Chidindo sichinakhudzidwepo.
Koma zilembo zitatu ndinkayembekezazo,
C, R, V,
panalibe.

Ndinagona chagada pa simenti yozizira,
kalilole wa dokotala wa mano m'dzanja,
kusaka kumbuyo tsiku limene chitsulo chinaumbidwa.
Chinayankha mosabisa: 1974.
Mwana sabadwa mtima wake usanaumbidwe.
Iyi inali injini ya lole yonyamula chimanga.

Mayi Tackett anaima chete, manja m'thumba la jekete.
Ndinati ndiloleni ndione malo amodzi okha.
Tinazula mpando wakumbuyo awiriwiri,
iwo akutukwana bondo lawo, ine msana wanga.
Munali chipeso, ndalama zachitsulo zitatu,
nsapato imodzi ya mwana,
ndipo pakati pa mawaya a mpando,
pepala lachikasu lopindika,
limene mnyamata wina wotopa ku fakitale
anatsomeka mmenemo m'malo molitaya m'bini.
Makoswe anadya ngodya ziwiri
nkusiya pamene pankafunika.
Nambala ya pepala ndi ya pagalasi zinagwirana chanza.
M'kabokosi kamodzi, inki yofooka: LS6.

Ndinati: Mayi, galimotoyi inabadwa chilombo,
malemu sananame.
Koma mtima unabadwa nayo kulibe.
Wa ku Omaha adzadula mtengo pakati, mwina kuposa.

Iwo anaseka mpaka kugwira chitseko.
Ndikudziwa kumene uli, anatero.
Virgil anauphulitsa pa msewu wa ku Kearney,
usiku wina, akupikisana ndi mlamu wanga.
Anabwera m'bandakucha wapansi, oyilo mpaka m'makutu,
nkundiuza kuti wagunda gwape.
Zaka makumi asanu ndakhala ndikudikira
kuti wina andiuze kuti gwapeyo anali pisitoni.

Anatenga kansapato kaja nkukaika m'thumba.
Pepala anandipatsa kuti ndiliike m'pulasitiki.

Kenako anati: Paja kuseri kwa khola la nkhumba
pali chinthu cholemera chimene Virgil anakwirira ndi malata,
ankati ndi pampu yakale ya chitsime,
ndisamayandikireko, kuli njoka.

Kunja chipale chofewa chinali chitayamba kugwa.
Ndinagwedeza tochi, mabatire akufooka,
ndinafunsa ngati ali ndi fosholo.