Tsambalo Palibe

Zaka zitatu ndinakwera ndi kutsika zitunda za ku Tsangano
kuwerenga masamba a mbatatesi opsa ndi chiwawu,
kulemba mayina a alimi, tsiku la mvula, mtengo wa mankhwala,
zala zitauma gwa ndi chisanu cha Juni.
Zonsezo zinakwana m'kafulashi kochepa ngati chitsa cha ndudu.

A Kachingwe a kulaibulale ya yunivesite anakalandira ndi manja awiri.
Anati, "Muno simulowa chiswe, mayi.
Nkhokwe iyi ilibe denga loti n'kudontha."
Ndinasaina.

Tsiku lina pa Lizulu, kuseri kwa mulu wa kabichi,
ndinaimika foni m'mwamba kusaka netiweki
yomwe ikafuna imawoloka msewu n'kukakhala ku Mozambiki.
Bandulo ya sabata inathera kampira kozungulira,
kenako kachizungu kakafupi: tsambalo palibe.

Ndinaimba. Anati makina anapsa ndi mphezi.
Anati wodziwa kukonza ali kusukulu kunja,
mawu achinsinsi anapita nawo m'mutu.
Anati yesaninso Lolemba.
Ndinasiya kuwerenga pa Lolemba lachikhumi ndi chinayi.

Koma ntchito yangayo ndinakumana nayo
mu lipoti la munthu wina, itavala taye.
Ndinaizindikira ndi chipsera:
dzina la mudzi lomwe ndinaphonya chilembo,
iyenso anaphonya pomwepo.

Tsono buku lamapepala ndimasunga m'katoni ya sopo kunsi kwa bedi.
Mphemvu zadya tsamba lothokoza lokha.
Ophunzira amabwera pa kabaza kudzalibwereka,
amasiya chiphaso, amakajambulitsa kwa Ndaziona pamsika.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Dzulo a Kachingwe alemba uthenga wautali.
Akuti agula makina ena, chilichonse akusunga pawiri,
koma aphunzitsi akukaniza zolemba zawo,
ophunzira analeka n'kufunsa komwe.
"Nkhokwe yopanda kanthu adzaitseka, mayi,
ndipo kiyi adzalanda kwa ine."
Sanapepese. Kapena kupepesa kwake n'komweko.

Chiwawu chayambanso chaka chino.
Mlangizi wina wa ku Bembeke wandiimbira kawiri,
alibe ya basi yodzafikira katoni yanga.

Ndakwera pachulu pomwe foni imagwira.
Mzere wobiriwira ukukwawa ngati nkhono,
wafika pakati, waima,
wayendanso pang'ono.
Bukulo ndalipana m'khwapa.