Mizere Iwiri Yopingasana

Munabwera koyamba mu Okutobala,
maluwa a jakaranda atamatirira pa galimoto ya khonsolo,
mapu kukhwapa, nsapato zosadziwa matope.
Simunapereke moni.
Mnyamata wanu anakoka tepi
kuchokera ku mtsinje wa Marimba mpaka pakhomo panga,
inu n'kuti, "Pano ndi padambo, mayi.
Madzi saiwala khwawa."
Kenaka penti yofiira,
mizere iwiri yopingasana pakhoma
limene ndinamanga ndi phindu la tomato wa ku Mbare,
njerwa imodziimodzi, zaka zisanu ndi chimodzi.

Katapila anafika Lachiwiri.
Ndinapulumutsa chitseko, wailesi ndi mbaula.

Mvula ya Januwale itakwiya
ndinapita kukaona pabwinja langa.
Pamene panali bedi, madzi ankalekeza m'chiuno,
achule akuchita msonkhano pabalaza.
Sindinauze munthu.
Ndani amafuna kuti wom'gwetsera nyumba akhale wolondola?

Chaka chino nkhope yanu ili pa mapolo onse a magetsi,
magetsi amene amabwera tikugona.
Wayisoni Kachingwe, akuti mukufuna uphungu.
Munagogoda pa kachipinda kanga ka lendi ku Mufakose,
chipewa m'manja, "Odi" wa ulemu,
Chichewa chanu chikutsimphina, chotsamira Chishona.
Simunandizindikire.
Ine bambo anu ndinkawadziwa:
anatsika ku Ntcheu wapansi,
anaphikira azungu ku Avondale mpaka msana unapindika,
chitupa chawo chikuwatcha mlendo
mu mzinda umene anaukalambira.
Anamwalira chala chosalawa inki.

Anzanu opikisana nawo anatisiyira mafuta ophikira,
matisheti, ndi zitenje za nkhope zawo
zimene timasefera madzi a pachitsime.
Inu munangoyala pepala pa tebulo langa,
n'kulipsinja ndi kapu ndi botolo la mchere.
Mzere wabuluu uwu ndi mpope, munatero,
uwu ndi ngalande, apa chipatala,
apa pokwerera makombi, ana asamawoloke msewu kawiri.
"Zaka makumi awiri ndakhala ndikujambula
madzi amene sanafike pampopi.
Mapu anga akudyedwa ndi njenjete m'kabati.
Osayinira ndalama amakhala ku Nyumba ya Malamulo,
ndiye ndati ndipite konko."

Ndinafunsa chimodzi chokha:
"Nanga ine, papepala lanuli, ndili pati?"

Chala chanu chinayenda,
chinadutsa Budiriro, chinakhota ku Glen View,
chinabwerera,
chinaima padambo lija, lopakidwa zobiriwira bwinobwino
ngati sipanagonepo munthu.
Ndinayembekeza bodza. Ndinali nditakonza kale kuseka.
Inu munameza malovu.
"Simulipo, mayi."
Munatulutsa pensulo m'thumba la malaya,
munafunsa dzina langa,
ndipo ndinaona likufika m'makutu mwanu mochedwa,
ngati bingu la kutali.
Tiyi wanu anazizira osamugwira.

Lero ndaima pamzere wa kusukulu kuyambira mbandakucha,
zigubu zanga ndazisiya pamzere wina, wa kumjigo,
mdzukulu akuzilondera.
Mkati mwa kabokosi ka makatoni
cholembera achimangirira ndi ulusi ngati mbuzi.
Nkhope yanu yachepa, ingakwane pa chikhadabo.
Pamwamba panu pali bambo uja wa mimba,
amene anandigulitsa puloti ya m'madzi
n'kundipatsa lisiti yopanda chidindo.
Pansi panu, mayi amene sindinamuonepo.

Kunja wapolisi akuyasamula.
Wina akutsokomola kumbuyo kwanga, akuti ndifulumire.
Adikire.
Ine ndinadikira katapila usiku wonse, nditakhala pa sutikesi.

Dzanja ili lasankha tomato zaka makumi atatu,
limadziwa wowola ngakhale ali wofiira bwanji,
koma lero likunjenjemera.
Kulemba sindidziwa kwenikweni, Bambo Kachingwe.
Ichi chokha ndimachitha,
mizere iwiri yopingasana.
Ndinaphunzira kwa inu.

Ndapinda pepala kanayi.
Musandifunse.
Zigubu zanga zikundidikira.