Jekete Lofiira la ku Katoto

Ndinachijambula Lachiwiri lina mu Julaye,
nkhungu itakhala pa mphambano ya ku Katoto
ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Wa sakaramento akulimbana ndi chitunda,
kumbuyo mayi ndi dengu la nthochi.
Chooneka bwino ndi jekete lake lofiira basi,
zina zonse mbuu.

Usiku womwewo, bandulo itatsala pang'ono kutha,
ndinachiponya pa intaneti n'kulemba pansi pake:
tengani, dulani, pakani utoto wina,
gulitsani mukapeza wogula,
koma dzina langa lisagwe m'njira,
ndipo chomwe mupange nacho musachikhomere loko.

Mlongo wanga Tiyezge anaseka mpaka kutsamwa.
Kamera ya ngongole, iye anatero,
iwe n'kumagawa ngati phala la ku sukulu?

Chinapita.
Chinakatulukira ku Luwinga, pa khoma la kalasi,
m'munsi mwa phunziro la nyengo.
Anyamata a ku Chibavi anachiveka nyimbo yawo,
ine n'kutola gitala wawo
kuyala pansi pa kanema wanga wa Lunyangwa atasefukira.
Palibe anatumiza mnzake invoisi.
Tinangotchulana mayina mokweza
monga achitira pa perekaniperekani.
Wina kutali, m'chilankhulo chomwe sinditha kuwerenga,
anasandutsa jekete lija lobiriwira.
Zinandiwawa tsiku limodzi ndi theka.
Dzina langa linalipo, chilembo chimodzi chitapindika.

Kenaka Loweruka, pa Taifa, ndikunenerera nsapato,
dzanja linandigwira pa chigongono.
Jekete lofiira, zipi yakufa.
Mwana wake anali atamuona pa khoma la kalasi.

Akuti mwatsegula khomo kuti aliyense alowe, iye anati,
koma m'nyumbamo munali ndani?
Msana uwu ndi wanga.
Chonyowetsa malaya tsiku lija sichinali nkhungu.

Malovu anandiuma.
Ndinagawa diso langa, zoona,
koma chitunda anakwera ndi wina
ndipo sindinamuimitse n'komwe kuti ndimufunse.

Tinakhala pa benchi, tiyi wamkaka awiri, sikono imodzi.
Anayang'ana foni yanga nthawi yaitali,
akukulitsa tayala ndi zala ziwiri,
akudandaula kuti sipoko yothyoka ikuoneka.
Ndinati ndichotsa, ngakhale chinafika kale
kumene dzanja langa silifika.

Musachotse, iye anati. Onjezerani.
Lembani Chiukepo Msowoya,
siteji ya Katoto, kuyambira faifi koloko,
mvula kaya dzuwa.
Ndipo mayi mwawajambulawo ndi a NyaChavula,
ulendo umenewo sanalipirebe.

Ndinalemba, kupatula za ngongolezo.
Tsopano pansi pa nkhungu pali mayina awiri,
wogwira kamera ndi wopalasa.
Malo a lachitatu ndawasiya.
M'mawa uliwonse ndimadutsa pa mzere wa nthochi
foni ili m'manja, funso lili pakamwa,
ndipo amayi onse amati abwera mawa.