Nyenyezi Zitatu za Bambo Nagatomo

Lolemba paki imagona.
Sitima ya m'mwamba yaima pa njanji zake
ngati njoka yokhuta,
ndipo ine, m'kaofesi kuseri kwa chigudumu,
ndimatsegula ndemanga za sabata yatha,
tiyi akuzirala m'kapu.

Alendo amalemba mofuula.
Mtsikana wa ku Bergen:
"Tsiku lokoma kuposa onse pamoyo wanga!"
Nyenyezi zisanu.
Anaona nyanja ali chadodolido,
anakuwa mpaka mawu kusasa,
basi, zam'kwanira.
Bambo wa ku Recife, nyenyezi imodzi,
zilembo zikuluzikulu zokhazokha:
maola awiri pamzere, dzuwa lili paliwombo,
mwana kulira,
ayisikilimu kusungunukira pansapato yatsopano.
"SINDIDZAPONDAKONSO."

Zoona, sadzapondanso kuno.
Ngakhale wa nyenyezi zisanu uja sadzapondanso.
Mlendo ndi mame.
Kutamanda kwake, kutukwana kwake,
ndege ikangonyamuka zonse zauma.

Anzanga a kuno ku Miyazaki safuula.
Amayamba ndi kupepesa.
"Pepani kukutayitsani nthawi,"
akutero Mayi Shiori Kuroki,
"koma benchi ya pansi pa kanjedza
ili ndi msomali wodzuka.
Unandikola siketi mwezi watha. Udakalipo."
Wina: "Msuzi wa pakantini wachepa mchere
chipumireni wophika wakale."
Wina, mzere umodzi wokha:
"Tikiti yakwera ndi mayeni mazana awiri. Taona."

Taona.
Kaliwu kopanda mano,
koma kamandiluma mpaka Lachisanu.

Mlendo amayeza tsiku lake.
Wakwathu amayeza zaka:
amadziwa pomwe panali dziwe la abakha
tisanathirepo simenti,
amadziwa nyimbo yomwe tinasiya kuimba pachipata,
ndipo amaifunsa ngati m'bale wosowa.

Ndiye pali Bambo Nagatomo.
Epulo aliyense amalemba,
nyenyezi zitatu, osati ziwiri, osati zinayi:
"Kavalo woyera wa pachozungulira cha ana,
wachitatu kuchokera pakhomo,
munam'lakwitsa maso.
Anali ofiirira. Mwawadetsa bii.
Kavalo wa maso otero saona mwana."
Chaka chino ndi kachisanu ndi chiwiri.

Ndinakafunsa mlonda wa pachipata.
Anaseka, nakanda m'mutu.
"Nagatomo? Si ndiye anapenta akavalo onsewo,
zaka makumi atatu, ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi?
Amagula tikiti yathunthu,
sakwera kanthu.
Amaima pampanda, chipewa m'manja,
mpaka woyerayo am'dutse kakhumi,
kenako n'kupita kukakwera basi."

Bwana safuna zonsezi.
Amafuna nambala imodzi pofika masana,
yoti aionetse akuluakulu.
Ndaphatikiza Bergen ndi Recife,
msomali, mchere, mayeni mazana awiri,
maso a kavalo,
ndagawa,
yatuluka folo ndi kadontho.
Ndalemba. Ndatumiza.

Kenako ndabwereka nyundo kwa akalipentala
ndi kukakhoma msomali wa Mayi Kuroki.
Kamodzi, kawiri, walowa.
Paki yonse ili zii,
khwangwala yekha pamwamba pa chigudumu.

Pobwerera ndadzera kwa akavalo.
Wachitatu wandiyang'ana ndi maso ake amakala.
Chitini cha utoto wofiirira chilipo m'nyumba yosungiramo katundu,
ndinachiona dzana, pashelefu yapansi.

Sindichikhudza.
Ndikawakonza masowo,
Epulo akubwerayu ndani adzatilembere?